Sensa ya okosijeni: musagule musanayese

Wowerenga wina watilembera kuti: "Ndili ndi Toyota Corolla ya 2004, injini ya 1NZ-FE. Nyali ya Check Engine yayaka ndipo galimoto ikumwa mafuta kwambiri. Makaniko analumikiza makina, n'kupeza P0171, ndiye akuti ndigule sensa ya okosijeni. Ndigule?"

Bambo, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. P0171, nambala ya vuto (code) yomwe makinawo aonetsa, sikutanthauza kuti sensa ya okosijeni, yomwe imayeza okosijeni wotsala mu utsi wa ekizosi, yafa. Ikutanthauza kuti kompyuta ya galimoto ikuona mpweya wochuluka kuposa petulo, ndipo yawonjezera mafuta mpaka yafika pamalire. Nthawi zambiri sensayo imakhala ikunena zoona, wolakwa ali kwina.

Yambani ndi zotsika mtengo. Paipi ya labala yochokera ku sefa ya mpweya ikang'ambika, mpweya umalowa osayezedwa. Sensa ya MAF (yoyeza mpweya wolowa mu injini) ikadzala fumbi, zomwe sizichedwa pa misewu yadothi, imawerenga mpweya wochepa. Itsukeni ndi mankhwala ake opopera, osakhudza timawaya ta mkatimo. Kenako mvetserani ekizosi injini ikangolira m'mawa. Mukamva "tsi-tsi-tsi" pafupi ndi manifold (pomwe ekizosi imalumikizana ndi injini), pali pobowoka, ndipo mpweya wolowera pamenepo umanamiza sensa. Pampu ya mafuta yotopa nayonso imabweretsa code yomweyi.

Zonsezi zikakhala bwino, yesani sensa ya okosijeni ija. Yoyenera kuiona ndi yam'mwamba, yomwe ili kutsogolo kwa catalytic converter (chigubu choyeretsa utsi pa ekizosi), chifukwa ndiyo imatsogolera kompyuta pa kasakanizidwe ka mafuta. Tenthetsani injini bwinobwino, popeza sensa siyamba ntchito isanafike pa madigiri Celsius pafupifupi 300. Ikani injini pa 2,500 rpm n'kuyang'ana live data (manambala omwe sensa ikutumiza nthawi yomweyo) pa makina a makaniko aja. Sensa yamoyo imakwera ndi kutsika mosalekeza pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts, pafupifupi kamodzi pa sekondi. Pondani mafuta mwadzidzidzi: iyenera kulumpha kupitirira 0.8. Zulani kapaipi kamodzi ka vacuum: iyenera kugwa pansi pa 0.2. Ikangokhala pa 0.45 osasuntha, kapena ikamayenda mwaulesi, imeneyo yatha. (Ma Toyota atsopanoko ali ndi sensa ya air/fuel m'malomo. Imeneyo imaonetsa pafupifupi 3.3 volts ndipo siyenda chokwera n'kutsika, choncho musaiweruze ndi muyeso uwu.)

Code ikanakhala P0135, vuto likanakhala la heater ya mkati mwa sensa. Zulani pulagi yake injini itazizira, muyeze ndi multimeter pa mawaya awiri akuda. Pa injini yanuyi muyenera kupeza 11 mpaka 16 ohms. Mukapeza kuti palibe chodutsa, heater yapsa. Onaninso fyuzi ndi mawaya, mwina agunda ekizosi n'kusungunuka.

Mukatsimikiza kuti yafadi, gulani potengera nambala ya chassis, makamaka ya Denso, yobwera ndi pulagi yake. Zija amati "universal" zimafuna kudula mawaya, ndipo mitundu yake imasiyana: pa Denso waya wa signal ndi wa buluu, pa Bosch ndi wakuda. Yakale yochotsedwa m'galimoto ina ndi juga, simudziwa kuti yayenda makilomita angati.

Pomasula mufunika soketi ya 22 mm yokhala ndi mpata wodutsa waya. Thirani mafuta omasula dzimbiri usiku wake, ndipo masulani ekizosi ili yofunda pang'ono, osati yotentha. Yambani mwazula pulagi, kuopa kupota mawaya. Ikakana, musalimbane nayo ndi paipi yayitali. Imasuleni pang'ono, muibwezere, muthirenso mafuta, pang'onopang'ono mpaka itatuluka. Mukadya mazinga a manifold, ntchito ya theka la ola imasanduka ya tsiku lonse.

Yakaleyo musaitaye musanaiyang'ane kunsonga. Mwaye wakuda wofewa ukusonyeza kuti injini imalandira mafuta ambiri. Zoyera ngati choko zimachokera ku madzi a injini olowa mu silinda, kapena ku silicone wosayenera yemwe wina anamata pa gasiketi. Zonyowa ndi oilo ndiye kuti injini ikuwotcha oilo. Mukapanda kukonza gwero lake, yatsopanonso ifa imfa yomweyo.

Yatsopano nthawi zambiri imabwera itapakidwa kale mafuta pa mazinga, asafike kunsonga. Iloweni ndi dzanja mpaka ikhale, kenako mangani pa 44 Nm. Bwezerani waya m'timakilipi take kuti asagone pa ekizosi. Fufutani code ndi makina, yendani makilomita angapo, muonenso long term fuel trim pa makinawo (kuchuluka kwa mafuta omwe kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa). Ikhale pansi pa 10 peresenti. Ikadali pa +20, mpweya ukulowabe penapake, bwererani ku paipi ija ya labala.