Funsani Malume: Gulu lathu la nyimbo za ku Hawaii langoti ziii

Malume,

Ndine mnyamata woimba ukulele, kagitala kakang'ono ka nsambo zinayi, ndipo ndimayendetsa kagulu ka anthu oimba nyimbo za ku Hawaii, ena ali ku Honolulu ena ku California ena ku Tokyo ndiye timangokumana pa intaneti basi. Poyamba zinali bho aliyense kutumiza kavidiyo akuimba koma pano kwangoti ziii, wolankhula ndatsala ndekha. Akatswiri amene tili nawo safuna kuuza anzawo mmene amatchunira magitala, ongoyamba kumene nawo manyazi. Tinayesa kuimba limodzi pa Zoom zinangokhala chiphokoso chokhachokha. Ndingolitseka kapena?

Wotopa

Mphwanga Wotopa,

Usatseke ayi. Vuto ndikuliona ine ndi lakuti gulu la oimba mwalisandutsa gulu la macheza, ndipo macheza amatha, tsiku lina nkhani zimangouma. Oimba amagwirizana akamaimba. Ku Hawaii komweko chimene chinasunga nyimbozi ndi kanikapila, kuja anthu amangosonkhana pakhonde kapena kuseri kwa nyumba aliyense ndi chida chake nkumaimba mpaka kutopa, popanda woti uyu ndi katswiri uyu ndi mwana. Kwa Gabby Pahinui, katswiri wa gitala wa ku Hawaii, kunyumba kwake ku Waimānalo anthu ankadzadza kumapeto kwa sabata, ankadziwa kuti ukapita uwapeza akuimba. Inuyo tsiku lanu lodziwika ndi liti? M'kalata yako sindikuliona.

Ndiye sankhani tsiku limodzi ndi ola limodzi, musamasinthesinthe olo mubwere anthu atatu. Chenjera ndi mawotchi pamenepa chifukwa Tokyo ili patsogolo pa Honolulu ndi maola 19, ndiye 3 koloko masana Loweruka ku Honolulu ndi 10 koloko m'mawa Lamlungu ku Tokyo, pomwe ku California ndi 5 kapena 6 koloko madzulo kutengera nyengo, poti iwo amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka koma Hawaii ndi Japan sasuntha. Ola ngati limeneli palibe amene adzuke pakati pa usiku.

Za chiphokoso cha pa Zoom, netiweki yanu siinalakwe kwenikweni. Mawu amachedwa panjira. Kuchoka ku Honolulu kufika ku Tokyo ndi makilomita pafupifupi 6,200 ndipo kuwala m'mawaya a pansi pa nyanja aja kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, ndiye ulendo wokhawo wadya kale mamilisekondi 30, usanawonjezere kuchedwa kwa foni, wayifayi ndi pulogalamu yomweyo. Oimba amayamba kupondana kuchedwa kukafika cha pomwepo, uyu akudikira uyo uyonso akudikira uyu, nyimbo nkumangozizira mpaka kuima. Mapulogalamu oimbira limodzi pa intaneti ngati Jamulus amathandiza anthu oyandikana koma nyanja ya Pacific sangaifupikitse. Njira yake ndi yakuti mmodzi yekha atsegule mayiki atsogolere, ena onse amyute nkumaimba naye kwawoko, nyimbo ikatha wina atenge. Wotsogolerayo ayatse batani la pa Zoom lotchedwa Original Sound, apo bii Zoom imaona kulira kwa gitala ngati phokoso nkumakudula. Kwa amene akufuna kumva gulu lonse pamodzi, mmodzi ajambule ukulele yokha atumize, wina aikepo steel guitar, gitala ija amaimba potsetsereza kachitsulo pa nsambo, wina bezi, wina mawu, pakutha pa sabata muli ndi nyimbo yanu.

Tsopano akatswiri ako obisa matchunidwewo. Khalidweli si lachilendo, uwamvetse kaye usanawakwiyire. Slack key, imene eni ake amati kī hō'alu, ndi kaimbidwe kokhwefula nsambo zina za gitala, ndipo kwa zaka zambiri banja lililonse linkasunga matchunidwe ake ngati chinsinsi cha pakhomo, mwana ankaphunzira poyang'ana zala za amalume ake basi. Zotsatira zake, nkhalamba ikamwalira zina zinkapita nayo, mpaka anthu anayamba kuopa kuti luso lonse litha. Linadzuka pamene akatswiri ena anatsegula manja: Keola Beamer anatulutsa buku lophunzitsa slack key mu 1973, Raymond Kāne ankaphunzitsa ofuna kuphunzira, ndi ena otero. Uwakumbutse zimenezi paokha, osati pagulu, munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pa anthu amangonyamuka osatsanzika. Usawapemphe zonse, apereke katchunidwe kamodzi kokha kotchedwa Taro Patch kamene kali kale paliponse, nsambo zake D G D G B D, awonetse kaseweredwe ka chala chachikulu kwa mphindi khumi. Ambiri amene amaoneka ouma manja amangofuna kufunsidwa mwaulemu komanso kuti azitchulidwa kuti izi tinaphunzira kwa akutiakuti, ndipo m'nyimbo za ku Hawaii kutchula mphunzitsi wako ndi mwambo ndithu, gulu lanu liziutsata.

Ongoyamba kumene ndi amene ine ndimawadera nkhawa kuposa akatswiri, chifukwa iwo sakangana ndi munthu, amangosowa. Munthu wagula ukulele mwezi watha akaona vidiyo ya katswiri zala zikuuluka sangatumize yake. Apatse ntchito yaing'ono yoti aithe: vamp, kaja kamalira pakati pa mavesi, mu kiyi ya C ndi makodi atatu, D7, G7, C basi. Amene wagwira kameneka walowa kale m'nyimbo zambirimbiri za hula, gule wa ku Hawaii. Mwezi uliwonse mukhale ndi nyimbo imodzi ya onse, yosavuta, ndipo oyamba kuimba akhale atsopanowo, akatswiri pambuyo. Wina akatumiza kavidiyo asagone osayankhidwa, ndipo yankho lisakhale kachala kokweza kokha, umuuze penipeni pamene pakusangalatsa ndi chimodzi choti akonze, chimodzi chokha.

Musaiwalenso mawu a nyimbo. Anthu ambiri amaloweza makiyi koma Chihawaii chake kumangong'ung'udza, chonsecho nyimbozi zimatchula malo enieni, mvula ya dera lakutilakuti, maluwa, ndipo nthawi zambiri pansi pake pamakhala tanthauzo lobisika. Chilankhulochi chinachotsedwa m'masukulu mu 1896, chinadzakhala chovomerezeka ndi boma la Hawaii mu 1978, ndiye eni ake samaseka nacho. Ngati muli ndi membala wochidziwa, olo asamaimbe bwino, mpatseni mphindi zake aziwongola katchulidwe, mudzaona kuti iyenso sajomba.

Iweyo wandiuza kuti umalankhula wekha, ndiye ndikufunse, unagawirako ndani ntchito? Mutu umodzi susenza denga mphwanga. Wina azisankha nyimbo ya mwezi, wina azilandira alendo, wina azikumbutsa za tsiku lokumana. Kalendala ya ku Hawaii ikuthandizaninso, pali chikondwerero cha hula cha Merrie Monarch mumzinda wa Hilo, sabata imene imayamba pa Isitala, chimene chimaonetsedwa pa intaneti ndipo mutha kuonera limodzi, pali Lei Day, tsiku la mikanda ya maluwa, pa 1 Meyi, palinso mphoto za oimba za Nā Hōkū Hanohano zimene zakhala zikuperekedwa kuyambira 1978, apo mungakangane bwinobwino kuti woyenera kuwina ndani. Amene amakhala mzinda umodzi uwalimbikitse akumane maso ndi maso ndi zida zawo, ajambule atumizire enawo.

Aja angokhala chete osawachotsa, ambiri amaonera ndithu. Uwalembere mmodzimmodzi uwafunse nyimbo imene akuphunzira pano, ndipo imene yatchulidwa kwambiri ikhale ya mwezi wamawa.

Malume