Mukanene chiyani pa chiliza cha bambo anu, loya wa pa Zomba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anakulira ku Matawale koma pano amagwira ntchito ku Lilongwe. Andilola kuyankha poyera, bola dzina ndisatchule. Bambo awo anali loya. Anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1980, ndipo moyo wawo wonse anagwirira ntchito m'kaofesi ka zipinda ziwiri m'tauni ya Zomba. Anatisiya chaka chatha. Mwezi wamawa kuli mwambo wa chiliza, ndipo akubanja asankha mayiwa, poti ndiwo achisamba, kuti akanene mbiri ya malemu. Funso lawo ndi ili: "Anzawo a kusukulu ena anakhala majaji, ena nduna. Bambo anga sanasiye nyumba yosanja kapena dzina m'nyuzipepala. Anangosiya makatoni a mafayilo. Ndikanena chiyani?"

Achemwali, pepani ndi zovutazi. Ndawerenga kalata yanu kangapo, ndipo chimene chandikhudza n'chakuti mukuwayesa bambo anu ndi muyeso wa ku Lilongwe, pamene iwo anasankha kukhala pa Zomba.

Taganizani za nthawi imene iwo ankalowa ntchitoyi. Likulu la dziko linali litasamuka kale mu 1975, ndipo ndalama zinali ku Blantyre, kumene kuli makampani ndi mabanki. Zomba inatsala ndi nyumba ya malamulo, koleji, asilikali, apolisi, ndi ndende. Komanso uloya masiku amenewo sunali ntchito yoyenda nayo modzitama. Milandu ikuluikulu, ngakhale ya kupha ndi youkira boma, inkatha kupita ku makhoti a mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. A Orton Chirwa, amene anali loya woyamba wachikuda m'dziko muno, anaweruzidwa m'khoti lotero mu 1983 limodzi ndi akazi awo a Vera, ndipo anamwalirira m'ndende ya Zomba momwemo mu Okutobala 1992. Bambo anu ankadutsa pafupi ndi mpanda umenewo. Mnyamata amene anaona zonsezi koma n'kunenabe kuti ine ndikhala loya, pompano, ali ndi mbiri yoti inenedwe.

Koma musakathere nthawi pa ndale. Mbiri yeniyeni ya loya wa m'tauni yaing'ono ili mwa anthu amene ankakhala pa benchi panja pa ofesi yake.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndili mwana. Amuna awo a azakhali anga atamwalira, akuchimuna anabwera maliro asanazizire n'komwe, n'kuyamba kuwerenga mipando, makina osokera, mpaka malata a padenga. Masiku amenewo lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linati kulanda chuma cha amasiye ndi mlandu, kunalibe. Azakhali anapita kwa loya wina wa m'tauni momwemo, atamanga ndalama zochepa pa nsonga ya chitenje. Bamboyo anawamvetsera mpaka anamaliza kulira, analemba makalata, anayenda nawo ku khoti maulendo angapo. Nyumba inatsala m'manja mwa ana. Malipiro ake? Thumba la mpunga wa ku Chilwa ndi matemba, zimene tinakatula pakhomo pake pa njinga. Azakhali anamutchula m'mapemphero mpaka tsiku lawo lomaliza, koma ndikukayika ngati ana ake anamvapo nkhaniyi. Loya wabwino sanena za anthu ake pa chakudya chamadzulo.

Ndiye chifukwa chake inu mukuona ngati palibe chonena: bambo anu anasunga pakamwa. Nkhani zawo zili ndi anthu ena, ndipo muyenera kukazitenga. Pemphani tchuthi cha masiku atatu, mubwere. Funafunani kalaliki amene ankawataipira makalata, ndi mesenjala wawo ngati ali moyo. Pitani ku khoti mukacheze ndi akuluakulu amene akhalitsa m'kaundula. Funsani ku mpingo kwawo, ndi kwa amayi a mumsika waukulu kumene ankagula ndiwo. Musafunse kuti anali munthu wotani, chifukwa aliyense adzangoti anali abwino. Funsani kuti, munakumana nawo bwanji? Pamenepo ndi pomwe mudzamve za mnyamata wa ku Chinamwali amene anamutulutsa pa belo, kapena mkangano wa malire a munda umene anautha pansi pa mtengo pamaso pa amfumu, osafika nawo n'komwe kwa majisitireti.

Apa ndikuchenjezeni, ndipo ndikunena motsindika. Makatoni aja musawatsegule pofuna zokanena ku manda. Muli zinsinsi za maukwati, ngongole ndi matenda a anthu, ndipo chinsinsi chimene munthu anauza loya sichitha chifukwa loyayo waikidwa m'manda. Mwina mulinso mawilo (makalata onena za kagawidwe ka chuma munthu akamwalira) ndi zikalata za malo zimene eni ake akuzifunafuna lero lino. Paja amati mlandu suwola. Lankhulani ndi a bungwe la maloya la Malawi Law Society akuthandizeni kupeza loya woti alandire mafayilowo ndi kuwabweza kwa eni ake. Ngakhale nkhani imene munthu wakuuzani yekha, mupempheni kaye musanainene pagulu, ndipo dzina musiye.

Za pakhomo ndiye simufunika kufunsa patali. Mwandilembera kuti Loweruka ankakutengani wapansi kukwera phiri mpaka ku damu la Mulunguzi, ndipo pobwerera ankakugulirani mastiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Mwatinso m'nyumba mwanu simunkasowa ana a abale amene iwo ankawalipirira fizi. Achemwali, nyumba yosanja ija imene mukuti sanasiye, inapita kumeneko. Awerengeni anawo. Amene angathe kubwera, akaimirire pamene mukulankhula. Ndipo khalani pansi ndi amayi anu musanalembe kanthu, chifukwa iwo ndiwo anapirira miyezi imene anthu ankalipira ndi nkhuku pamene lendi ya ofesi ikudikira. Ngati panali zowawa, monga kubwera usiku kapena kuuma mtima pa mwambo, simukuyenera kuwapaka utoto. Anthu a pa Zomba ankawadziwa, ndipo adzakhulupirira zabwinozo akamva kuti mukunena za munthu weniweni.

Pa tsikulo musatalikitse. Mphindi 10 zakwana, poti pali abusa, amfumu ndi eni mbumba amene akudikiranso kulankhula. Zaka za kubadwa, sukulu ndi ukwati zinenedwe mwachangu. Kenaka nkhani ziwiri za ku ofesi, imodzi ya kunyumba. Lembani pa pepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mlongo wanu aime pambali panu ndi pepala lina lofanana, kuti mawu akakutsamwani apitirize iyeyo.