Amajambula Dennis ndani? Yankho kwa mayi wa ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene akukhala ku Leeds. Inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu: mwana wawo wazaka 8 sakugonanso tulo ndi The Beano, magazini ya makatuni ya ana ya ku Britain, ndiye anamugulira mabuku awiri a Beano mushopu ya kaunjika, lina la m'ma 1970, lina la chaka chathachi. Mwanayo ataika mabukuwo pamodzi anaona kuti Dennis, kamnyamata kovuta kotchuka ka m'magaziniyi, m'buku lakale nkhope yake ndi ina. "Akundifunsa kuti amajambula ndani," akutero mayiwo, "koma ndasanthula buku lakalelo mpaka kumapeto, dzina la wojambula mulibe. Kodi ndi munthu mmodzi zaka zonsezi? Komanso m'buku lakalelo bambo ake a Dennis akungomukwapula ndi silipasi. Ndimulole aziwerenga zimenezi?"

Zikomo kwambiri mayi, ndipo mwanayo mumuuze kuti ali ndi diso. Akuluakulu ambiri amene anakulira Beano ku Britain komweko sadziwa kuti Dennis wadutsa m'manja mwa anthu angapo. Ine ndemwe Beano ndinakumana nayo m'katoni ya mabuku a mphatso kupulayimale kwathu, chikuto chitathothoka kale, ndipo ndinkangoganiza kuti zithunzizo zimatuluka zokha m'makina.

Dzina lomwe mukulisowalo silinasowe mwangozi. Beano imasindikizidwa ndi kampani ya DC Thomson ya mumzinda wa Dundee ku Scotland, ndipo kwa zaka zambiri lamulo la kampaniyi linali loti wojambula asalembe dzina lake patsamba. Anthu a m'makatuni onse anali katundu wa kampani. Wojambula ankalandira malipiro a tsamba lomwe wajambula basi, ndipo akadwala, akakalamba kapena akakwiya n'kuchoka, tsambalo ankalipereka kwa wina, owerenga osauzidwa kanthu. Mwana wa ku Glasgow ankangoona kuti Dennis wabweranso sabata ino.

Kope loyamba linatuluka pa 30 July 1938, miyezi ingapo The Dandy, mkulu wake wa Beano, itayamba mu December 1937. Pachikuto panalibe Dennis. Panali nthiwatiwa yotchedwa Big Eggo, yojambulidwa ndi Reg Carter, ndipo inakhalapo zaka 10. M'kati munali nkhani zambiri zolembedwa ngati za m'buku, zithunzi pang'ono chabe, pamodzi ndi makatuni ngati Lord Snooty, kamnyamata kolemera kovala chipewa chachitali kamene kankathawa kunyumba yachifumu kukasewera ndi ana a m'makwalala. Nkhondo itavuta mapepala anayamba kusowa, ndiye kuyambira 1941 Beano ndi Dandy zinkasinthana, ino sabata iyi, inayo sabata yamawa, mpaka 1949. Nkhondo itatha malonda anakwera koopsa: mu 1950 makope pafupifupi 2 miliyoni ankagulidwa pa sabata imodzi.

Amene ankajambula Lord Snooty anali Dudley D. Watkins, ndipo ameneyu ndiye anathyola lamulo lija. Bamboyu ankajambulanso Desperate Dan mu Dandy, Oor Wullie ndi The Broons munyuzipepala ya Sunday Post, kenako mu 1948 chimbalangondo Biffo, chimene chinalanda chikuto kwa nthiwatiwa ija. Kampani inaona kuti munthu wotere sungamutaye, ndipo inamulola kulemba dzina lake pansi pa ntchito yake pamene anzake pafupifupi onse ankangotha ngati mchere mundiwo. Anamwalira mu 1969 ali patebulo lake lojambulira. Ku Sunday Post anavutika kupeza womulowa m'malo moti kwa zaka zingapo ankangobwereza masamba ake akale.

Tsopano Dennis wanuyo. Anaonekera koyamba m'kope la nambala 452, la pa 17 March 1951, ndipo womujambula anali David Law. Poyamba anali theka la tsamba, wopanda mitundu, ngakhale juzi ya mizere yofiira ndi yakuda ija anali asanaivale. Sabata yomweyo ku America kunatulukanso katuni ya mwana wina wotchedwa Dennis the Menace, ya Hank Ketcham, kamwana katsitsi loyera kolakwa mosadziwa. Awiriwa sanaberane, zinangochitika. Koma wa Law anali wina: amalakwa akudziwa, legeni ili m'thumba, tsitsi lili nyankhalala ngati chitsamba cha minga. Kajambulidwe ka Law kanali kothamanga, mizere yokandakanda ngati munthu akujambula basi ikumusiya. Poyerekeza ndi ukhondo wa Watkins zinkaoneka ngati zosamalizidwa, komatu n'zimene zinapatsa tsambalo moyo. Galu wa Dennis, Gnasher, anabwera mochedwa, mu 1968, ndipo mukamuyang'anitsitsa muona kuti ndi tsitsi la Dennis lomwe analiika miyendo ndi mano.

Dennis wa Law ndi amene anatsegula chitseko. Mnyamata wina wa ku Lancashire, Leo Baxendale, ataona katuniyo anazindikira kuti ku Dundee kuli malo a zinthu zaphokoso, ndipo anatumizako zojambula zake. Zomwe zinachitika m'miyezi yochepa yotsatira n'zodabwitsa. Mu October 1953 anayamba Little Plum, mu December chaka chomwecho Minnie the Minx, mtsikana amene amagenda ndi kumenya anyamata osawaopa, ndipo mu February 1954 katuni yotchedwa When the Bell Rings, imene mu 1956 inasintha dzina kukhala The Bash Street Kids. Chaka chomwecho cha 1953 Ken Reid anali atayamba kale Roger the Dodger, mwana wodziwa kuzemba ntchito iliyonse. Beano imene mwana wanu akuwerenga lero inabadwa m'zaka zitatu zimenezo, 1951 mpaka 1954. Zina zonse ndi zidzukulu.

Mukadzapeza tsamba la Bash Street la Baxendale, musaliwerenge mothamanga. Masamba oyambirira nthawi zambiri ankakhala ndi chithunzi chimodzi chachikulu: belu lalira, ana akukhuthuka m'geti la sukulu ngati ngumbi mvula yoyamba, ndipo ngodya iliyonse ili ndi nkhani yakeyake. Apa wina wagwera m'ngalande, apo wina wapachika chikwangwani chonyoza aphunzitsi, kumbuyoko wapolisi akuthawa. Mwana amatha mphindi khumi patsamba limodzi. Amati mkonzi woyamba, George Moonie, ankaona ana a High School of Dundee akusewera pawindo la ofesi yake, ndipo ganizo la sukuluyo linachokera pamenepo. Pang'onopang'ono chigulu chija chinachepa n'kutsala ana asanu ndi anayi a kalasi 2B: Danny, Smiffy, Plug, Toots, Sidney, Wilfrid, 'Erbert, Fatty ndi Spotty.

Ntchito yotere imadya munthu. Baxendale ankajambula masamba angapo sabata iliyonse, ena a magazini ina ya kampani yomweyo, The Beezer, mpaka anatopa n'kuchoka mu 1962. Patapita zaka ziwiri anathandiza kuyambitsa Wham! kukampani ina, ndipo Ken Reid anamutsatira komweko. Ana ake onse, Minnie, Plum ndi a Bash Street, anatsala ku Dundee, akupitiriza kupangira ena ndalama. M'ma 1980 anaisumira DC Thomson pofuna umwini wa anthu amene iye anawalenga. Mlandu unatenga zaka zisanu ndi ziwiri ndipo unatha mu 1987 pokambirana kunja kwa khoti. Ine pamenepa mtima wanga uli kwa Baxendale. Kampani inganene kuti munthu anavomera yekha malipiro a patsamba, inde, koma mnyamata wazaka 22 amene akufuna ntchito sakambirana za zaka 30 zam'tsogolo. Anamwalira mu 2017.

Komabe ndikanena zimenezi sindikufuna kupeputsa amene anatsala, chifukwa yankho la funso la mwana wanu lili mwa mmodzi wa iwo. David Sutherland analandira Bash Street mu 1962 atachoka Baxendale. Watkins atamwalira mu 1969 anamupatsanso Biffo. Law atadwala n'kupuma mu 1970 anamupatsanso Dennis. Taganizani: munthu mmodzi akujambula ana a anthu atatu osiyana, aliyense m'kalembedwe ka mwini wake, mochita kuti owerenga asadziwe kuti pamudzi pagwa maliro. Ndi luso la mtundu wina, la mayi wolera ana amasiye osawasintha dzina. Dennis anamujambula mpaka 1998, ndipo mu nthawi yakeyo, mu 1974, Dennis analanda chikuto kwa Biffo. Choncho Dennis wa m'buku lanu la m'ma 1970, wathupi lojintcha, nsidze zolumikizana, nkhope ya munthu woti musakumane naye kumdima, ndi wa Sutherland, pokhapokha ngati tsambalo analitenga m'makope akale a Law. Bash Street sanaisiye. Anaijambula zaka 60, mpaka anamwalira mu January 2023 ali ndi zaka 89, patangopita masabata ochepa atalengezedwa kuti alandira OBE, mendulo ya ulemu yochokera kwa mfumu ya Britain.

Minnie nayenso anapeza womulera, Jim Petrie, mphunzitsi wa zojambula, amene anamutenga kumayambiriro kwa m'ma 1960 n'kumusiya mu 2001 atajambula makatuni 2,000. M'zaka zaposachedwapa Minnie wakhala m'manja mwa Laura Howell, ndipo zinatenga nthawi yonseyo kuti mtsikana wotchuka kwambiri wa Beano ajambulidwe ndi mzimayi sabata ndi sabata. Ena ndingowatchula: Malcolm Judge ndi Billy Whizz wothamanga uja mu 1964, Robert Nixon ndi Ivy the Terrible mu 1985, Tom Paterson ndi Calamity James watsoka mu 1986. Masamba a Paterson ndi odzaza tinthu tobisika, makamaka sokosi zonunkha zotayidwa paliponse, ndipo ana amakonda kuzisaka.

Tibwere ku silipasi. Kwa zaka zoposa 30 katuni ya Dennis inkatha mofanana: walakwa, wagwidwa, ali chafufumimba pamiyendo ya bambo ake, silipasi ili m'mwamba. Ku Bash Street inali ndodo ya aphunzitsi. Akonzi ankaona ngati ndiyo njira yolipirira chisokonezo chonse chija, kuti makolo asadandaule kuti magazini ikuphunzitsa ana mwano. Zinatha m'ma 1980, nthawi yomwe Britain inaletsa kukwapula m'sukulu za boma. Ife amene tinakulira pansi pa mkwapulo wa mlambe ndi patapata sitidabwa nazo, koma mwana wobadwira ku Leeds adabwa, ndipo ngati wafunsa muyankheni kuti kale zinali choncho, kuno ndi kwathu komwe. Sindikuona chifukwa chomulanda bukulo.

Chimene ine chimandivuta kwambiri m'makope akale ndi Walter, mnyamata wamagalasi wokonda maluwa ndi sukulu, amene Dennis ankamuzunza popanda chifukwa china koma kufatsa kwakeko. Kuseka kwake kunali kuseka wofooka. Akonzi a masiku ano anamusintha Walter kukhala wochenjera ndi wankhanza payekha kuti nkhondo ikhale yofanana. Palinso zina zoti muzidziwe musanagule makope akale kwambiri. Kuyambira kope loyamba mpaka 1947, pamwamba pa chikuto, pafupi ndi dzina la magazini, pankakhala kamwana kakuda kotchedwa Peanut, kojambulidwa monyoza monga azungu ankatijambulira nthawi imeneyo. Kampani ikamasindikizanso kope loyambalo masiku ano imakachotsa. Little Plum naye amaseka eni nthaka a ku America ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka chongopeka. Zoterezi ndi bwino muziwerenge limodzi ndi mwanayo kuposa kuti azipeze yekha. Ngakhale mayina akusintha: mu 2021 Fatty anakhala Freddy ndipo Spotty anakhala Scotty, ndipo akuluakulu ena ku Britain anakwiya ngati awalanda munda, pamene ana eni ake sanavutike nazo.

Dandy inasiya kusindikizidwa mu December 2012, itakwanitsa zaka 75. Beano idakalipo, inadutsa kope la nambala 4,000 mu 2019, ndipo mayina a ojambula tsopano amaoneka patsamba. M'buku lanu latsopanolo muuzeni mwanayo ayang'ane m'mphepete mwa masamba a Dennis, mwina apeza dzina la Nigel Parkinson, amene wakhala akumujambula kwa zaka zambiri tsopano. Kenako ayang'ane bambo ake a Dennis. M'buku lakale ndi bambo wa suti ya mizere ndi kandevu kapamlomo. M'latsopano ndi bambo wachinyamata watsitsi losongoka, wofanana ndi mwana wake. Akonzi anafotokoza kuti bambo watsopanoyo ndi Dennis wa m'ma 1980 uja atakula. Ndiye mwana wanu akafunsanso chifukwa chake nkhope zikusiyana, mungamuuze kuti m'buku limodzi akuona mwana, m'linalo akuona bambo ake asanamere ndevu. Mukadzapita ku Dundee, pamsewu wa High Street pali chiboliboli cha Desperate Dan akuyenda ndi galu wake, ndipo kumbuyo kwake kuli Minnie atakoka legeni.