Yankho kwa mayi amene akufuna udzu wokongoletsa pakhomo ku Kasungu

Mayi, mwafunsa kuti ndi udzu uti wokongoletsa pakhomo umene ungapirire chilimwe cha kuno ku Kasungu, popeza kapinga amene munadzala amauma chaka ndi chaka ndipo bilu ya madzi yakukulirani. Mwatinso munaona pa intaneti zithunzi za udzu wa ngala zoyera ndipo mukufuna kudziwa kumene mungaugule. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinatayapo ndalama pa nkhani yomweyi.

Kuno mvula imayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala n'kuleka cha mu Epulo, ndipo kuchokera pamenepo dothi lathu lamchenga limakhala miyezi pafupifupi 7 osalandira dontho. Udzu umene umapyola nyengo imeneyi umadalira mizu yake, ndipo mizuyo imafuna dzinja lathunthu kuti izame. Choncho nthawi yodzala ndi yofunika kuposa dzina la udzu. Ine ndinagula timachubu ta udzu wobiriwira motuwa ku Lilongwe mu Seputembala, wogulitsa atanditsimikizira kuti sufuna madzi, koma Okutobala asanathe unali utapserera wonse ngakhale ndinkathirira ndi kheni m'mawa uliwonse. Unali udzu wa kumaiko ozizira, ndiponso ndinaudzala pa nthawi yolakwika.

Udzu umene ndingakulangizeni ndi mtima wonse ndi vetiva, yemwe uja alangizi a zaulimi amalimbikitsa kudzala m'mizere ya akalozera pofuna kuteteza nthaka kuti isakokoloke. Anthu amamupeputsa chifukwa anazolowera kumuona kumunda, koma akadulidwa molingana m'mbali mwa njira yopita pakhonde amaoneka bwino kuposa maluwa ambiri ogula. Vetiva anachokera ku India, mizu yake imatsika molunjika mpaka mamita 3 kapena kuposerapo, ndipo mtundu umene alangizi amalimbikitsa kuno sufalikira ndi njere, choncho sadzakulowererani m'dimba. Mukakumba chitsa chimodzi muchigawe timagulu ta mphukira ziwiri kapena zitatu, mudule masamba kutsale masentimita 20, ndipo mudzale motalikana masentimita 10 mpaka 15 ngati mukufuna mpanda wothithikana. Ngati mukufuna zitsa zoima pazokha, musiye theka la mita pakati pake. Mutsendere dothi ndi chidendene kuzungulira phata, chifukwa mphukira yodzalidwa mofuwofu imauma mvula ikangodula masiku ochepa.

Wachiwiri ndi lemongrass, amene ambiri timathyola masamba ake n'kuponya mu tiyi. Ameneyu amafuna chinyezi chochulukirapo kusiyana ndi vetiva, ndiye malo ake abwino ndi pafupi ndi thandala la mbale, kumene madzi otsukira amatayikira tsiku lililonse. Kwathu chitsa chimene chili pansi pa thandala chimakhala chobiriwira mpaka mvula, pamene china chimene ndinaika kugeti chimafiira nsonga pofika Ogasiti.

Musaiwalenso udzu wathu wa m'tchire. Kumapeto kwa dzinja, mukamayenda pa msewu wa M1 kapena wopita ku Mchinji, mudzaona kaudzu ka ngala zofiirira zofewa ngati thonje, kamene akatswiri amakatcha Melinis repens. Ndi ka kuno ku Africa ndipo kamamera ngakhale pa nthaka yoguga, kotero mukhoza kupulula ngala zouma n'kuwaza pamalo amene mwasankha mvula ikayamba. Tsekera nayenso amakongola akakhwima, koma amatalika kwambiri, ndiye ayenera kukhala kumpanda, kutali ndi nyumba. Nsenjere musiyireni ng'ombe.

Tsopano za zithunzi munaona zija. Udzu wa ngala zikuluzikulu zoyera uja ndi pampas grass wa ku South America, ndipo ku South Africa anauika m'gulu la zomera zowononga chilengedwe chifukwa njere zake zimauluka ndi mphepo n'kulanda malo a zomera zachilengedwe. Chimodzimodzinso udzu wina wokongoletsa wotchedwa fountain grass, uja wobiriwira, amene wavutitsa ku Namibia ndi ku Hawaii. Ife tili ndi nkhalango yotetezedwa ya Kasungu National Park m'boma lomwelino, ndipo sindikuona chifukwa chobweretsera mavuto oterowo pofuna kungokometsa bwalo. Ngati mtima wanu uli pa fountain grass, funani wa masamba ofiira wotchedwa Rubrum, amene kawirikawiri sabereka njere zomera ndipo amachulukitsidwa pogawa chitsa.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. M'chilimwe choyamba muzithirira kamodzi pa sabata, koma madzi ochuluka kuti alowe pansi, chifukwa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku kumachititsa mizu kuyandama pamwamba. Kuyambira chaka chachiwiri vetiva adzadzisamalira yekha. Feteleza wa chimanga musathire, manyowa owolerana bwino dzanja limodzi pa phando n'ngokwanira. Ngati mukuphimbira ndi mapesi, asakhudze phata, popeza chiswe cha kuno sichichedwa kulondola.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi moto. Mu Seputembala ndi Okutobala osaka mbewa amatentha tchire, ndipo udzu wautali wouma pafupi ndi nyumba, khola kapena chigafa cha fodya ndi ngozi yeniyeni. Muzimweta udzu wonse mu Ogasiti, vetiva atsale wofika m'mawondo, ndipo muzisesa pakati pa zitsa kuti njoka zisapeze pobisala. Mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola zimadya mphukira zanthete, ndiye chaka choyamba mutchinge ndi minga. Mbewu ya vetiva musakagule kutali. Funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti ndi mlimi uti ali nayo, mukapangane naye msanga kuti mudzakumbe mvula ikakhazikika mu Disembala.