Tifunseni: Kodi umphawi wathu ukuchokera pa kuchulukana?

Ndimaphunzitsa Sitandade 8. Ana anandifunsa kuti ngati kuchulukana kumabweretsa umphawi, nanga bwanji China yomwe ili ndi anthu ankhaninkhani ndi yolemera kuposa ife? Ndiwayankhe bwanji? — Mphunzitsi, Namwera

Aphunzitsi, anawo afunsa zanzeru. Pa 15 Novembala 2022 bungwe la United Nations linalengeza kuti anthu padziko lonse akwana 8 biliyoni. India ndi China, dziko lililonse lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni, pomwe ife kalembera wa 2018 anatipeza tilipo 17.5 miliyoni basi. Ngakhale kuthithikana si ndiko vuto: ku Netherlands anthu oposa 500 amakhala pa sikweya kilomita imodzi, kuno tinalipo 186, koma iwo amagulitsa zakudya kunja.

Chomwe chimapweteka ndi liwiro lomwe anthu akuchulukira komanso misinkhu yawo. Aphunzitseni anawo samu iyi. Tengani 70, mugawe ndi peresenti ya kakulidwe ka chiwerengero pa chaka. Yankho lake ndi zaka zomwe zidzatenge kuti anthu awirikize kawiri. Pakati pa 2008 ndi 2018 Malawi ankakula ndi 2.9 peresenti pa chaka, ndiye kuti pa zaka 24 zokha pafunika makalasi, zipatala ndi mijigo yowirikiza kawiri kuti tingokhala pomwe tili lero, osasuntha. Boma la Mangochi linachoka pa anthu pafupifupi 800,000 kufika pa oposa 1.1 miliyoni m'zaka khumi zomwezo. Munda sunakule, nyanja ya Malombe sinakule. Bambo wa maekala anayi akagawira ana asanu, aliyense sakwanitsa ngakhale ekala imodzi, ndipo otsalawo amathamangira kunyanja komwe chambo chinachepa kale.

Nkhani ya misinkhu ili motere: theka la Amalawi sanakwane zaka 18. Manja olima ndi ochepa, pakamwa podya mpambiri. Izi zinabwera ndi chinthu chabwino, musaiwale kuwauza. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Pofika 2016 anatsika kufika pa 63, chifukwa cha katemera, sikelo ndi maneti. Imfa zimatsika msanga, koma makolo amatenga nthawi kuti akhulupirire kuti ana awo apuluka, choncho uchembere umatsika mochedwa. Wathu ukutsika ndithu: kale amayi 10 ankabereka ana pafupifupi 67, pofika 2016 anali 44.

Kwina akulira ndi zosiyana. Kuti mtundu usachepe pamafunika ana 21 pa amayi 10 alionse, koma ku South Korea mu 2023 anali 7 okha. Ku Japan munthu mmodzi pa anthu anayi alionse, mwinanso kuposera apo, wapitirira zaka 65, ndipo sukulu zakumidzi zikutsekedwa posowa ana. Walira mvula walira matope. China inalemera pa nthawi yomwe ogwira ntchito anali ambiri, ana ochepa, ndipo mafakitale analipo owalemba ntchito. Pakasowa chachitatuchi, achinyamata amangochuluka pasiteji ya kabaza.

Pawailesi amati wosauka ndi amene amakhala ndi ndalama zosakwana madola atatu pa tsiku. Mchimwene wanga ku Joni amapeza zoposa pamenepo kutali, koma akatumiza ndi zochepa. Akutinamiza? — Mayi wa ku Makanjira

Mayi, musafulumire kumuweruza. Muyezo umenewo ndi wa World Bank, unali $2.15, ndipo mu 2025 anaukweza kufika pa $3. Anthu amalakwitsa zinthu zitatu pouwerenga. Choyamba, ndi wa munthu mmodzi osati banja: pakhomo pa anthu asanu ndi mmodzi pafunika madola 18 pa tsiku. Chachiwiri, si ndalama ya m'thumba yokha. A National Statistical Office a ku Zomba akamayenda m'makomo amawerengera ndi chimanga cha m'nkhokwe, chinangwa cha kumunda ndi usipa womwe bambo abwera nawo, n'kuziika pamtengo. Chachitatu, si dola ya ku banki ija. Ndi dola yoyezedwa ndi zomwe ingagule m'dziko lililonse, chifukwa ndalama yomwe imagula mbale ya usipa pa doko la Makanjira singagule n'komwe kapu ya tiyi ku London. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nkhokwe yanu sinaphwe usiku womwewo. Chinakuluma pambuyo pake ndi mtengo wa feteleza, mafuta ndi sopo.

Za achimwene anu, muwerengere limodzi motere. Lembani malipiro a pamwezi mu randi. Chotsanipo lendi, magetsi, chakudya, takisi yopitira kuntchito, za mapepala ndi zomwe amadula otumiza ndalama. Kenako muganizire miyezi yomwe ntchito imasowa, ndi ya basi yobwerera kumudzi. Chotsalacho ndicho musinthe kukhala makwacha. Ambiri amasintha malipiro onse n'kuyamba kuumba njerwa za nyumba yomwe ndalama yake inadyedwa kale ndi eni nyumba ku Johannesburg.

Dziwaninso kuti South Africa ili m'gulu la mayiko omwe olemera ndi osauka atalikirana kwambiri. Pa muyezo wa Gini, womwe umayambira pa 0 pamene onse akufanana kufika pa 1 pamene mmodzi watenga zonse, iwo ali cha pa 0.63, ife cha pa 0.39. Ku Johannesburg, Sandton, dera la olemera, ndi Alexandra, dera la osauka, anangolekanitsidwa ndi msewu. Zathuzo tisanyadire nazo, tikufanana m'kusowa.

Kodi amene amaika mayiko pa mndandanda wa chitukuko amayang'ana chiyani? — Wophunzira, Monkey Bay

Mndandanda wodziwika kwambiri ndi Human Development Index, womwe bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, lakhala likutulutsa kuyambira 1990, nzeru za Mahbub ul Haq wa ku Pakistan ndi Amartya Sen wa ku India. Umaphatikiza zinthu zitatu: zaka zomwe mwana wobadwa lero akuyembekezeka kukhala ndi moyo, zaka za sukulu, ndi chuma cha dziko chikagawidwa kwa munthu aliyense. Pa muyezowu, womwe umayambira pa 0 kufika pa 1, Norway ndi Switzerland amapitirira 0.9, Malawi ali pang'ono pamwamba pa 0.5.

Chenjera ndi kugawa kumeneko. Pa gombe la Chembe utakhazika mwini loji mmodzi ndi asodzi asanu ndi anayi opalasa mabwato, n'kugawa ndalama zawo pa khumi, pepala lidzati aliyense ali ndi boti la injini. Ukamalemba mayeso, tchula nambala ya dziko, kenako ufunse kuti ya kumudzi ndi ya m'tauni, ya atsikana ndi ya anyamata, zikusiyana motani.