Waluso koma savomera kulakwa

Mayi wina amene amayang'anira antchito pa sitolo ina ku Limbe wandilembera imelo kufunsa chochita ndi mnyamata wodziwa ntchito kuposa onse, koma amene akalakwitsa amakankhira mlandu kwa anzake. Mayi, funso lanu landisowetsa tulo, chifukwa munthu mukunenayo ndidakhalapo ineyo.

M'chaka cha 2019, kutatsala masabata ochepa kuti tiponye voti pa 21 Meyi, ndinkagwira ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi zikalata ku Ginnery Corner. Maoda a zithunzi za opikisana ndi timapepala ta kampeni adachuluka moti tinkaweruka usiku, ena mpaka kusowa minibasi yopita ku Ndirande kapena ku Bangwe. Tsiku lina ndidalakwitsa dzina la wadi pa chithunzi cha munthu wina wofuna ukhansala, ndipo mnyamata woyendetsa makina adasindikiza zimene ndidamupatsazo, monga mwa ntchito yake. Bwana atalowa ali wolusa, mtolo wa mapepala uli m'manja, adalunjika kwa mnyamatayo, ine n'kungoti zii, maso ali pa kompyuta. Adamudula malipiro mwezi umenewo. Mpaka lero ndimamuonabe akupukuta inki m'manja ndi kansanza, osayankha kanthu.

Zoona zake aliyense ankazidziwa. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso wolandira ntchito kwa mnzake popanda kusainirana, kotero kuti oda yoyenera kutha tsiku limodzi inkagona masiku atatu. Bambo wodula mapepala, amene kale ankatipulumutsa ndi diso lawo lakuthwa, akaona cholakwika ankangokhala chete poopa kuti akachitchula chiwagwera iwowo. Ngakhale nsima ya masana, imene tinkadyera pamodzi kuseri kwa ofesi, aliyense adayamba kukadyera kwayekha.

Polemba anthu ntchito timayang'ana satifiketi ya TEVETA kapena digiri ya ku MUBAS, ngati kuti chimene chimagwetsa gulu ndi kusowa luso. Ine ndikukana. Luso limaphunzitsika pa miyezi yowerengeka, pamene munthu wosavomera kulakwa amaphunzitsa anzake onse kudziteteza m'malo mothandizana. Akakhala katswiri ndiye zimanyanya, chifukwa mabwana amamunyengerera poopa kumutaya, ndipo enawo amaona kuti chilungamo chimadalira amene walakwayo. Nsomba ikawola imodzi, zawola zonse.

Tsono muchite chiyani?

Muitaneni poduka mphepo, ndipo mutchule tsiku ndi chimene chidachitika, osati kungomuuza kuti khalidwe lake n'loipa. Inuyo mukaphonya, vomerani pamaso pa onse, kuti aone kuti wovomera sadyedwa. Akapitiriza, mupatseni chenjezo lolemba, pokumbukira kuti lamulo la Employment Act la 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mpata wodziyankhira asanachotsedwe, kupanda kutero mukapezeka ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya pantchito. Koposa zonse musachedwe, Mayi. Ine ndidalimba mtima kupepesa patapita miyezi isanu, mnyamata uja atasiya kale ntchito n'kukayamba kwina ku Makata.