ChatGPT ikuthandizeni, koma kutsimikiza n'kwanu

Achimwene, mwafunsa ngati ChatGPT, pulogalamu ya pakompyuta yoyankha mafunso ngati munthu, ingakuonereni zolakwika mu uthenga wanu wa pa tsamba la intaneti la LinkedIn wonena za mgodi wa malasha wa ku Moatize, kuno ku Tete m'dziko la Mozambique, musanautumize. Igwiritseni ntchito, koma muiuze ingokulozerani pamene pali mayina, zaka ndi manambala, kenako mukafufuze nokha. Makinawa amaphunzira pa zolemba zakale, ndiye akhoza kukuuzani molimba mtima kuti mgodiwo ndi wa kampani ya Vale, chonsecho Vale idaugulitsa ku kampani ya Vulcan mu 2022. Mukalemba zimenezo, anthu ogwira ntchito kumgodiko akusekani tsiku lomwelo. Ikakupatsani linki, itseguleni ndithu, pajatu nthawi zina imangopeka. Muziifunsanso m'Chipwitikizi, poti nkhani zambiri za kuno ku Tete zidalembedwa m'chilankhulo chimenecho, ndipo m'Chichewa imaphonya kwambiri.